Woima Kumbuyo

Lolemba, 11 Novembala

Chisanu chafika. Nyengo yopanga kimchi, ndiwo ya kabichi ndi tsabola yosungira chisanu, foni ikungolira, aliyense akufuna timutumizire kabichi wake wamchere lero lomwe. Mabokosi a ku Seoul apita. Msana ukuwotcha, mwendo wamanzere dzanzi mpaka kuchala.

Kuchipatala cha ku Mokpo dokotala watchula tsiku. Opaleshoni Lachiwiri la sabata yamawa. Mnyamata wopanda ndevu, koma akuti misana wang'amba yambiri. Amandionetsa pachithunzi pamene fupa lapana mtsempha, ine maso ali pa manja ake. Bambo anga analowa m'chipinda chotero akuseka, anatuluka atafunditsidwa kumaso. Sindinamuuze. Ine Chu Man-bok, amene ndinagwetsa amuna a kwathu ku Haenam konse pa mpikisano wogwetsana pamchenga n'kubwera kunyumba ndi ng'ombe ya mphotho, ndikuopa kampeni. Ndalemba, basi, pepala silinena.

Mawa chitsitsimutso kutchalitchi. Abweranso abusa Eom a ku Daegu, osanjika manja aja. Ntchito yanga ndi ya chaka ndi chaka: kuima kumbuyo kwa opemphereredwa n'kuwawakha akamagwa. Mkazi wanga, amake Da-som, akuti ulendo uno ndiime kutsogolo, pamzere wa odwala, mwina mpeni ungandiphonye. Ndinafunsa kuti chithupi chonsechi achiwakha ndani. Anati pansi palipo.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndamanga lamba wa msana mkati mwa jekete, ndaima pamalo panga. Tchalitchi chodzaza, fungo la mankhwala opaka m'mawondo lokhalokha.

Chimene ndikudziwa ine, okhala kutsogolo sachidziwa. Munthu asanagwe amayamba wacheuka. Pang'ono chabe, ka diso kokha, kuona ngati Man-bok alipo. Akatsimikiza, ndiye Mzimu wabwera. Amayi a kusitolo ya nsapato amayambanso akonza siketi. Ndipo chala cha abusa pamphumi chimakankha ndithu, ndimachiona. Ndiye amake Da-som akamati ndikaime pamzere, ine mumtima ndimaseka. Wophika sadabwa ndi ndiwo.

A Tak a galaja lero ataya ndodo. Anaiponya mpaka inagunda piyano, n'kuzungulira tchalitchi akuthamanga, anthu m'manja phuphuphu. Nanenso ndinaomba. Zinali zokoma kuona, ndisaname.

Amake Da-som akuti msanawu anaupha ndi kabichi. Ine ndikuti ndi Akhristu.

Lachitatu, 13 Novembala

M'mamawa, mapemphero a mbandakucha asanathe, akazi a a Tak pakhomo la tchalitchi, akunong'ona. Ngati ndaionako ndodo ija. Ndinaipeza kuseri kwa piyano, ndinaikulunga m'nyuzipepala kuti asachite manyazi panjira. Ndafika nayo nkhaniyi kunyumba ngati ndatola ndalama. Amake Da-som sanaseke. Anati, "Munthu wathamanga tsiku limodzi atakhala zaka akukwawa, inu mwaonapo ndodo yokha?"

Ndinapita kukatembenuza kabichi.

Koma pali Gogo Pyo. Amenewa amandisokoneza mutu. Kathupi ngati mwana wa sukulu, amagulitsa mbatata yootcha pa siteji ya basi. Iwo okha sacheuka. Amagwa ngati mtengo wodulidwa, ndikachedwa pang'ono mutu ungasweke. Chaka chilichonse amapempherera bondo, bondolo silimva. Koma dzanja lawo lamanja linkanjenjemera, supuni osafika nayo pakamwa, tonse tinkaona. Chaka china anagwera m'manja mwangamu, podzuka dzanja lili zii. Mpaka lero. Dokotala wawo akuti zimachitika. Zimachitika, inde, koma zinachitikira pachifuwa panga, ndipo ndinalimva likuleka.

Powawakha lero msana unandibaya mpaka ndinaona nyenyezi. Ndinamwetulira ngati dikoni.

Lachinayi, 14 Novembala

Mchere wakwera mtengo. Da-som waimba kuchokera ku Gwangju, akuti atenga tchuthi Lachiwiri. Ndinati asavutike. Anati sanandifunse.

Nkhomaliro ndi abusa Eom kuchipinda chodyera cha tchalitchi, mpunga ndi msuzi wa nkhanu. Atamaliza anatulutsa kabokosi ka mapiritsi, ofiira, oyera, n'kumeza pamaso panga osabisa n'komwe. Anaona kuti ndatong'ola maso. "A dikoni, awanso ndi ochokera kumwamba, kungoti amadzera kuchipatala." Ndinalimba mtima, ndinafunsa za chala chokankha chija. Anaseka mpaka kutsamwa. Akuti ena amafuna kuwathandiza poyambira, ngati galimoto m'chisanu. Nanga amachiradi? Akuti ena inde, ena ayi, ndipo iwo sanauzidwepo kuti ndi ati. Ndimayembekeza kuti akalipa. Munthu akavomera chonchi umasowa pomugwira.

Madzulo ndinadzera pa siteji kugula mbatata. Ndinafunsa Gogo Pyo chifukwa chake sacheuka. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati nyanja ili ndi madzi. "Man-bok iwe, ndicheukirenji? Ndikudziwa kuti ulipo." Ndinati nanga tsiku lina nditapita kukataya madzi? Anati ndiye kuti aliponso wina, n'kundiwonjezera mbatata imodzi.

Ndadya zonse m'galimoto. Kunyumba ndati sindikumva njala, amake Da-som ayesa ndi nkhawa.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndagwa.

Tsiku lomaliza. Sindikudziwa chinandinyamula. Ndinangoona ndavula jekete, ndili pamzere pakati pa a Tak ndi amayi a nsapato. Tchalitchi chonse manong'onong'o. Amuna amphamvu onse ali kuminda kudula kabichi, otsala ndi a ndodo. Kumbuyo kwanga ndimamva mapazi, kukhwekhwereza chinthu, wina akuletsa mnzake kuseka. Khosi limayabwa kufuna kucheuka. Zaka zonsezi ndakhala ndikuseka ocheuka, lero ndadziwa kuti khosi limatembenuka lokha. Ndinaligwira. Ndinayang'ana batani la malaya a abusa.

Dzanja pamphumi, lofunda. Kaya anakankha, kaya mwendo wadzanziwu unangofooka, kaya ndi Iyeyo. Sindinama, sindikudziwa. Ndinangopita.

Ndinagwera pa tenti yathu yofunditsira kabichi. Amake Da-som anali atabwera nayo m'chikwama kuyambira Lachiwiri, mfiti ya mkazi. Agogo onse amene ndakhala ndikuwawakha anaigwira m'mbali ngati asodzi. Inandigwira kamphindi, kenaka tonse pansi, mulu umodzi, miyendo m'mwamba. Gogo Pyo ali pansi pa phewa langa akukuwa kuti ng'ombe ija ndinaidya ndekha. Abusa anakhala pansi ndi kuseka. Palibe wathyoka.

Ine ndinagona pomwepo, kununkha mchere, misozi ikulowa m'makutu. Sindinalire chonchi pa maliro a bambo. Nthawi ija ndinali wonyamula bokosi.

Loweruka, 16 Novembala

Ululu palibe! Ndadzuka ngati mnyamata. Ndavala masokosi nditaimirira. Ndayenda mpaka kudoko n'kubwerera, mwendo ukumva nsapato. Ndinafuna kuimbira kuchipatala kuti mpeni wawo asunge, foni osaoneka. Amake Da-som akuti sanaione, koma m'thumba la epuloni yawo mukulira. "Abambo a Da-som, ngati mwachira, dokotala akaona yekha. Mulungu saopa chithunzi."

Ndaimba nyimbo tsiku lonse posambitsa kabichi. Antchito akuti bola msana uja.

Lamulungu, 17 Novembala

Wabwerera. Powerama kuti nditole sopo. Dzanzi lomwe lija, mpaka kuchala.

Ndinakhala m'bafa nthawi yaitali, wokwiya ngati mwana wolandidwa switi. Kutchalitchi amafuna ndipereke umboni. Ndinaimirira n'kunena zoona: ndinachira Loweruka lokha. Anthu anaseka, a Tak anakweza ndodo yawo m'mwamba n'kuti ameni. Potuluka Gogo Pyo anandigwira mkono ndi dzanja lawo losanjenjemera lija, akutsimphina. Akuti iwo anapempha bondo n'kupatsidwa dzanja, ndiye ndifufuze bwino, mwina changa anachiika pena.

Ndafufuza. Msana womwewo, mwendo womwewo. Chikhalirecho ndadya mbale ziwiri, ndagona masana ngati mwala. Sabata yatha yonse tulo ndinalibe.

Lachiwiri, 19 Novembala

Mokpo. Chovala cha odwala chotseguka kumbuyo, zingwe sizikumana, Da-som akuseka m'manja. Njala. Kuyambira dzulo osalawa kanthu, ndipo amake Da-som akudya mbatata ya Gogo Pyo pamaso panga, akuti anatumizira ine koma ingazizire.

Usiku ndagona bwino. Ndadzifunsa kuti mantha aja ali kuti, ndawasaka ngati foni ija. Alipo pang'ono, kakang'ono, kokwana m'thumba.

Dokotala wabwera, ndevu sizinamerebe. Ndamuuza za bambo anga. Anamvetsera osayang'ana wotchi. Kenaka anafotokoza mmene zikhalire: ndigona chafufumimba, nkhope pa kapilo koboola pakati, iye ndi anzake aima kumbuyo kwanga. "Simutiona, bambo, koma tikhala tilipo." Ndinaseka mpaka msana unandibaya. Anadabwa, anayang'ana amake Da-som ngati mankhwala andizunguza mutu. Ndinamuuza kuti ntchito yakeyo ndikuidziwa, ndaigwira zaka zambiri, chachikulu asapite kukataya madzi.

Kaya anthu amachira ndi pemphero, sindikudziwabe. Dzanja la Gogo Pyo likuti inde, ndodo ya a Tak ikuti ayi, Loweruka langa lili pakati. Chaka chamawa tchalitchi chifune wowakha wina, ine ndasankha mzere.

Anesi afika ndi bedi la mateyala. Akuti cholembera ndipatse mkazi wanga. Amake Da-som aima kale kumutu kwa bedi, kumene sindingawaone, ndikumva akupukuta mphuno. Sindicheuka.