Amai Tembo Anakhala pa Bokosi Langa

Akulu anga okondedwa,

Landirani moni nonse kumeneko ku Katete. Kuno ku Kamitondo ana ali bwino, koma Lute akufunsabe atate ake, ndipo mabuku amene malemu amuna anga anasiya sindinalimbe mtima kuwatsegula.

Titachoka kumanda, alamu anga a Yohane analongedza katundu wanga m'bokosi. Sinali nkhanza ayi, anali mantha chabe. Anati, "Mlamu, mkazi wopanda mwamuna sakhala m'tauni. Amesinjala a boma adzakukwezani lole ngati mbuzi. Bola mupite nokha kumudzi."

Pamenepo Amai Tembo a Chigwirizano, aja ogulitsa kapenta, atavala duku lawo loyera, anakhala pabokosipo ndi thupi lawo lonse lija. Anati, "Iwe Yohane, lole imeneyo ine inanditengapo, ndikuidziwa kuposa iwe. Lamulo limenelo linapita ndi atsamunda. Chala changachi chinavota, bambo iwe! Mwanayu akhala m'nyumba muno ndi ana ake. Ukafuna bokosi, unyamule ndi ine ndemwe."

Anthu anaseka pamaliro, ngakhale ineyo. M'mawa mwake Amai Tembo anandiperekeza ku ofesi ya nyumba, ndipo kalaliki analemba dzina langa m'malo mwa la malemu, osafunsa ngati ndili ndi mwamuna wina. Za ufulu ndinkangowerenga m'manyuzipepala, akulu, koma tsiku lija ndinauona ndi maso utavala duku loyera.

Choncho musandiyembekezere kumudzi. Munditumizireko mbewu ya mtedza, ndibzale kuseri kwa nyumba mvula ikagwa. Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Esnati