Thobwa la Malemu Amayi

Kabudula,
14 Ogasiti 2011.

Okondedwa achimwene a Saulosi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, koma bala la kuphazi kwa bambo silikupola, ndipo maso awo akungoona mbuu. Anamwino akuti shuga wawo akapanda kutsika, phazilo lidulidwa.

Paja munalamula kuti shuga asalowenso m'nyumba muno. Ndinamvera. Tiyi amamwa wosathira kanthu, mandasi ndinawaletsa, ngakhale sosi wa m'botolo munatumiza uja ndinapatsa aneba nditamva kuti namonso muli shuga. Koma chinthu chimodzi ndinakubisirani, achimwene, ndipo chikundidya mumtima.

Kuyambira mwezi wa Meyi ndakhala ndikuwaphikira thobwa la mawere, lija ankaphika malemu amayi. Shuga sindinkathiramo ngakhale pang'ono, ndiye ndinkadziona wochenjera. Tsiku loyamba atalawa anandigwira dzanja, poyesa kuti ndine amayi, nati, "A Nankhoma, mwabwera?" Ine kupusa kwangaku, m'malo monena kuti ndine Anesi mwana wawo, ndinayankha kuti, "Ndabwera." Masana aliwonse zinkatero. Ankadya bwino, ankaseka, ndipo ine ndinazolowera kuyankhula ngati amayi mpaka mawu anga omwe ankandidzidzimutsa.

Sabata yatha kuchipatala anamwino anandifunsa zonse zimene bambo amadya. Nditatchula thobwa anagwira pakamwa. "Mayi inu, kutsekemera kwa chimera kuja mumati n'chiyani? Ndi shuga yemweyo, wangobisala."

Ndinalira njira yonse. Nditafika ndinakhuthulira thobwa lonse kudzala, chimera ndinamwazira nkhuku, mbiya ndinatsuka n'kuivundikira. Linali Lolemba.

Lachinayi masana, pochokera kudimba, ndinapeza bambo pakhonde akupukuta pakamwa. Kapu yawo inali yonyowa, pansi pake patatsalira masese a mawere.

"Anesi," anatero, "amayi ako angochoka kumene. Akuti iwe wayamba kundimana."

Ndinazungulira mudzi wonse kufunsa. Palibe wina amene waphika thobwa mwezi uno, ndipo mbiya yathu ili chivundikirire, youma gwa. Dzulo zachitikanso, lero ndiye kudimba sindinapite, koma ndangoti ndikatunge madzi, pobwera kapu yanyowa kale.

Ndikuopa, achimwene. Chonde bwerani msanga. Munthu wamoyo ndikanamuletsa, nanga awa ndiwaletsa bwanji poti ndinawaitana ndine?

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo akupereka moni. Andiuzanso kuti ndisaiwale kulemba kuti amayi anakuonani, ndipo akudandaula kuti mwaonda.

Ndine mlongo wanu,
Anesi.