Bokosi la Gitala Lija Musalitsuke

Lachiwiri, 9 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine moyo ulipo, koma mtima suli m'malo. Foni yanu ndayesa kuyambira Lamlungu, sikupezeka, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya mawa m'mawa. Muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira.

Mukuikumbuka gitala ija ya malemu apongozi anga aamuna, imene ankaimba m'mahotela akadali mnyamata? Imasungidwa kwathu kuno poti bambo a mwana ndiwo oyamba kubadwa. Abale anagwirizana zoigulitsa kuti apongozi aakazi akachitidwe opaleshoni ya maso, chifukwa anamva kuti magitala akale otere amafunidwa kwambiri. Bambo a mwana ponyamuka ndi thiraki yawo anangoti, “Uisamale, ogula adzaiona ndikabwerako.”

Ine ndinaisamaladi, achemwali, ndipo inu munalipo mwezi wathawu. Penti yake inali yong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe, pamene pankakhudza mkono panali pofufuma, makiyi okungira mawaya anali adzimbiri. Ndinati ndani angagule chinthu chauve chonchi? Ndinapita nayo kwa kalipentala wa kuseri kwa msika, anaipala yonse ndi sandipepa, n'kuipaka penti yofiira ndi vanishi, n'kuikamo makiyi atsopano. Inuyo munaombera m'manja, munati ikuwala ngati nsapato za mkwati. Bokosi lake lonunkha nkhungu lija ndinakupatsani kuti munyamuliremo katundu.

Loweruka alamu anga aakazi, alongo awo a bambo a mwana, anati tipite nayo kwa mkulu wina wokonza zida zoimbira, amene amadziwa kuika mtengo pa magitala akale. Anthu amangowatcha a Magalasi. Ndinaikulunga m'bulangete, ndikuyenda monyadira. Titafika anaigoneka pathebulo, anaiunika ndi katochi, anainunkhiza, kenako anavula magalasi n'kukhala pansi.

“Wachita izi ndani?”

Ine ndinati, “Ndine, bambo, ndimati ioneke bwino.”

Anati, “Mayi, mwatenga nkhalamba n'kuidaya tsitsi, tsopano ndi adzukulu omwe sakuizindikira.”

Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Akuti ogula magitala akale safuna kuwala. Amafuna penti yoyamba ndi ming'alu yake yomwe, makiyi oyamba ngakhale adzimbiri, bokosi lake, mapepala ake, ndi nambala imene imakhala kuseri kwa mutu wa gitala. Akuti pofufuma paja, pamene thukuta la apongozi linadya penti, ndiye panali mtengo. Nambala ija, achemwali, kalipentala anaipala. Yatsala mizere iwiri yosawerengeka. Safunsa anadya phula.

Tinatuluka. Pamsewu m'pamene alamu anayamba. “Usatipusitse iwe. Ya bambo inali yakuda. Unagulitsa yeniyeni n'kutigulira chidole ichi, penti n'yobisira umbava wako.” Ndinalumbira, ndinagwada pafumbi anthu akuona. Anati, “Dzuka, ungathe mawondo, udzawafuna Loweruka.” Ndinathamangira kwa kalipentala kuti akandichitire umboni, akuti, “Mayi, ine ndimapaka zimene kasitomala wabweretsa, sindifunsa kuti n'za yani.”

Tsopano mverani chimene chikundiphetsa mantha. Lamlungu masana alamu anabwera, akuti mwana wanga Manoawiri agogo ake akufuna kumuona. Ndinamusambitsa, ndinamuveka kadiresi kachikasu, ndinamupereka ndi manja anga. Mpaka lero sanabwere naye. Dzulo ndinapita, anandiyankhira pazenera kuti mwana ali bwino, nkhani ikatha ndidzamutenga. Ndinamumva akulira m'kati, kulira kuja kokoka mpweya, inu mukukudziwa. Mwana woti sanasiye kuyamwa! Mabere anditupa mpaka ndikumanga nsalu pachifuwa. Akuti bambo ake akabwera Loweruka abale onse adzakhala pansi, ndipo mkazi wobera wakhungu sangalere mdzukulu wawo.

Bambo a mwana anaimba foni dzulo m'mawa. Anafunsa za mwana, ndinati akusewera. Anafunsa za gitala, ndinati ili bwino. Mulungu andikhululukire. Mawu awo anali ozizira, sindikudziwa ngati alamu anawauza kale. Mukuwadziwa mmene ankawakondera bambo awo, gitalayo samalola ndi ine yemwe kuikhudza mawaya.

Lero ndinabwerera ndekha kwa a Magalasi, ndinalira m'shopu mwawo mpaka anandipatsa mpando. Anamasula limodzi la makiyi atsopano aja n'kundionetsa timabowo takale pansi pake. Akuti makiyi akale akapezeka, n'kugwera ndendende m'timabowomo, ndipo gitala n'kukhala bwino m'malo amene inadinda m'bokosi zaka zonsezi, iwo angathe kulemba kalata kuti gitala ndi yomweyo. Akuti ngati pali pepala lokhala ndi nambala, mizere iwiri yotsala ija angaiyerekeze nayo. Sanandinamize: mtengo wagwa, mwina sufika ndi theka lomwe. Zimenezo ndidzaziyankha ndekha pamaso pa apongozi, ndinalakwa. Koma ndine chitsiru, achemwali, si wakuba. Chitsiru amachikalipira n'kuchibwezera mwana wake.

Ndiye pempho langa ndi ili. M'bokosi muja, pamene pamagona khosi la gitala, muli kathumba kokhala ndi chivindikiro. Makiyi asanu ndi limodzi aja ndinawaponya mmenemo, ndi timisomali take tomwe, m'kapepala ka shuga. Munalinso kapepala kachikasu kopindapinda ndi chithunzi cha apongozi ali pa siteji. Sindinakawerenge, ndinangokasiya. Chonde kaoneni pompano, kalatayi muimalize mukabwerako. Ngati ana anatenga makiyi n'kumaseweretsa, afunseni mwachikondi, musawamenye, angabise. Musese pabwalo ponse, ngakhale kamsomali kamodzi n'kofunika.

Kondakitala yemweyu amabwerera Lachisanu. Ndalankhula naye, wavomera kulinyamula pafupi ndi mpando wake. Ine ndidzakhala pa depoti kuyambira m'mawa.

Munandiuza tsiku lija pafoni mukuseka kuti bokosilo munaliika m'khitchini ndipo nkhuku yanu ikuikiramo mazira. Ndinaseka nanu. Ndikukudziwani, achemwali, ndinu mwana wa amayi ngati ine, simungatumize chinthu kwa apongozi a munthu chili ndi zitosi. Mudzafuna kutenga sopo ndi bulashi. Ndagwira mwendo wanu, musatero. Chotsani nkhuku ndi mazira basi. Nsalu yam'kati yong'ambika ija musaisoke, chogwirira chomangidwa ndi waya chija musachisinthe.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Ngati makiyiwo palibe, musandibisire, mungouza kondakitala kuti palibe, ndipo mundikonzere pogona kwanuko. Sindikudziwa ngati ndidzabwera ndi wina kumsana kapena ndekha. Kabulangete kake ndakachapa, kali pampando.

Ndine mng'ono wanu,
Make Manoawiri

Ndabwerezanso, achemwali: libwere ndi fungo lake lomwe. Musalitsuke.