Dzanja langa layamba kunjenjemera

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno ku Joni tilipo. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi ku Orange Farm, wonenepa bwino. Kumudzi chimanga sichinachite bwino, mvula inadula msanga. Abambo akukanabe chiliza chimene ndinkafuna kukumangirani. Akuti pamanda a akazi awo sipadzafika simenti yogula ndi njuga.

Inu nokha simunandinyoze. Mukukumbukira mmene ndinayambira? Abwana amene ndinkawagwirira ntchito yam'nyumba ankasewera njuga ya makhadi yotchedwa poka ndi anzawo Loweruka masana, ine ndikuthira tiyi, maso ali pa makhadi. Tsiku lina mnzawo wina atalephera kubwera anandikhazika pampando mwanthabwala, ndipo ndinawadya onse. Nditakuuzani pafoni munaseka, n'kunena kuti, "Iwe, kuyambira uli mwana sindinkadziwa ngati wakhuta kapena wakwiya." Nkhope imeneyo yandidyetsa zaka zonsezi. Ndakhala pamatebulo a m'makasino mkazi ndekha pakati pa amuna, iwo kundiyang'anitsitsa, osapeza kanthu.

Koma amayi, dzanja langa lamanja layamba kunjenjemera. Linayamba ndi chala chimodzi, ngati mmene linayambira lanu.

Mwezi wathawu ndinali pa mpikisano waukulu, tinatsala anthu asanu. Ndinalandira makhadi abwino kwambiri. Ndikuti ndiwasuzumire, dzanja linagwedezeka, khadi limodzi n'kutembenuka pamaso pa onse. Bambo wina wa ku Durban amene wakhala akulimbana nane kwa zaka anayang'ana khadilo, kenako dzanja langa. Anafunsa motsitsa mawu, "Sisi, uli bwino?" Bola akanandiseka. Ndinatuluka wachisanu, ndipo mu takisi yobwerera ku Berea kumene ndimakhala, dzanjalo ndinalikhalira.

Adokotala akuti nthendayi sichizika, amangoichedwetsa. Mankhwala ake amandilemeretsa mutu, moti ndimaiwala makhadi amene adutsa kale. Ndikamwa, mutu sugwira. Ndikasiya, dzanja siligwira. Ntchito yam'nyumba ndingabwerereko bwanji, ndani angandipatse makapu ake? Sindinauze munthu aliyense. Ndikuuza inu chifukwa njira imeneyi munaiyenda.

Pali chimene sindinakufunseni. Tsiku limene munalephera kumanga nokha mpango kumutu, munatani? Ine ndinali kuno, ndikusewera. Ndinkaimba foni, inu n'kumati, "Ndili bwino, mwanawe, ndi kuzizira chabe," ine n'kumavomera chifukwa zinkandipepukira kutero. Munthu wodziwa kugwira bodza la mlendo patebulo, lanu ndinalisiya lidutse.

Loweruka kuli mpikisano wina. Ndipita, chifukwa china chochita sindichidziwa. Chimene ndingakulonjezeni n'chochepa: mankhwala ndizimwa, sindidzawabisa pansi pa mphasa monga tinapezera anu titabwerako kumanda.

Pepani ndi malembedwe okhotawa. Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane