Bolodi Lachikasu ndi Katoni Yake

Lolemba, 10 Febuluwale

Chifunga m'mawa. Nyumba zosanja za kutsidya kwa msewu zosaoneka n'komwe. Mahutala okhaokha, ndi njiwa zija zogona pa AC yathu. Basi ya sukulu inachedwa.

Bolodi langa losewerera pamafunde lafika. Milungu isanu ndi iwiri ndikudikira. Alipanga ku Al Quoz potengera msinkhu wanga ndi kulemera kwanga. Lachikasu, dzina kumchira: JAMILU. Mphatso ya Ababa ndi Amayi chifukwa chokhoza bwino mayeso. Zaka ziwiri ndikubwereka mabolodi a eni, ena onenepa ngati matiresi.

Linabwera ndili kusukulu, analandira ndi Ababa. Ndinalipeza pabedi panga atalifunditsa chitenje. Iwo ataima pakhomo, manja kumbuyo.

Ndinayendetsa chala m'mphepete monse. Kumphuno, mbali ya kumanzere, chala chinakodwa. Mng'alu. Kutalika ngati chala chapakati. Pamwamba pake zinazake zonyezimira, zouma. Ndikadina, pakulowa.

Madzi akadutsa pamenepo, zam'kati zimamwa ngati siponji. Bolodi latha.

Ababa anati, "Ndi kukalika chabe. Nyanja siiona zimenezo."

Apu ya zanyengo ya m'foni ikuti Loweruka kubwera mphepo ya shamal, mafunde ofika m'chifuwa kugombe la Umm Suqeim. Kuno nyanja imakhala ngati madzi a m'beseni pafupifupi chaka chonse. Awa akhoza kukhala omaliza. Kenako Ramadani, kenako kutentha.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Masamu sindinamvepo kanthu.

Pa buleki ndinatumiza zithunzi kwa Mwamba, wa ku Zambia amene amagwira ntchito komwe anapangira bolodi. Mnzanga yekhayo amene ndimalankhula naye Chichewa kunja kwa nyumba ino. Anayankha msanga. Akuti linachoka kwawo lili bwinobwino, analikulunga yekha. Zonyezimirazo akuti ndi supagulu, ndipo iwo chinthu chimenecho sasunga n'komwe. Ndiye kuti wa galimoto yobweretsa katundu analigwetsa n'kumata kuti tisaone. Wakuba.

Abwana ake akufuna chithunzi cha katoni imene linabweramo, mbali zonse, pofika Lachinayi madzulo. Ikaoneka kuti inaphwanyika, mlandu ndi wa kampani yobweretsa katundu, ndipo andibwereka bolodi labwino Loweruka pomwe langa likukonzedwa. Popanda chithunzi, khalas, basi zatha, ndikhale pamzere wa okonzetsa ngati wina aliyense.

Anawonjezera kuti, "Koma uyo dalaivala bazamupisha nchito, mwana." Amuchotse ntchitoyo. Anamata yekha.

Kufika kunyumba, katoni kulibe. Kukhonde kulibe, kuseri kwa sofa kulibe. Amayi pobwera ku hotela anandiuza mosadandaula n'komwe kuti yapita ku Naif kwa otumiza katundu. Katoni yaitali chonchija anaikamo kapeti ndi ndodo za makatani zopita ku Mangochi kwa azakhali. Akuti miyezi itatu akufunafuna katoni yotere. M'nyumba muno katoni siitayidwa, ngakhale ya nsapato. Bolodi lisanazizire, iwo anali atamanga kale.

Ndinakuwa. Sindinawakuwirepo chiyambire.

Pachakudya Ababa anati nkhani ya dalaivala ndiisiye, nayenso ali ndi ana. Iwo amayendetsa basi ya antchito, ndiye dalaivala aliyense ndi mbale wawo. Nthawi yonseyi akungodziluma chala chachikulu, chili ndi zoyerayera. Akuti sopo wotsukira basi.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kuweruka, yunifolomu yomweyo, sitima ya metro mpaka ku Deira komwe kuli Naif. Ola lathunthu chiimire. Ku Naif mangolo, fungo la mafuta onunkhira ndi anyezi wokazinga, aliyense akukuwa yalla yalla, tiyeni msanga.

Amalume Waziri, amene amatumiza katundu wa Amalawi, ali ndi kachipinda kodzaza mpaka kudenga. Anandiseka. Akuti mwana wa Selemani wayenda ulendo wonsewu kudzaona katoni, anzake amayendera atsikana. Tinasuntha zikwama, mafiliji awiri, migolo ya buluu. Thukuta. Katoni inali pansi penipeni, dzina la azakhali atalilemba katatu ndi cholembera cha maka.

Ndinaitembenuza mbali zonse. Yosaphwanyika. Ngodya zonse zili chilili. Ngakhale kabowo.

Amalume anati, "Ukufuna iphwanyike? Ponda. Makatoni onse amafika ku Mangochi ataphwanyika."

Ndinaponda. Ngodya imodzi, ndi chidendene, kawiri. Ndinajambula. Chithunzi chatuluka bwino kwambiri, ngati inagwadi pagalimoto.

Sindinatumize. M'metro ndinatsegula foni kasanu. Chikundivuta n'chimodzi: bolodi lingasweke bwanji m'kati, katoni osaonetsa kanthu? Ndipo dalaivala anamata bwanji osatsegula?

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndimakwera masitepe masiku onse, chikepe chathu chimanunkha ndudu. Lero ndinatopa, ndinakwera chikepe.

M'mphepete mwa chitseko chake, mofika pachifuwa panga, mzere wachikasu. Waung'ono. Ndinakanda ndi chikhadabo, utoto unatsala kuchala. Ndinapita mpaka pamwamba, kubwerera pansi, kukweranso. Katoni ija m'chikepe chimenechi singalowe, ndi yaitali.

Ababa ndinawapeza atangomaliza swala ya magharibi, akupinda mkeka. Ndinangofunsa kuti katoni inakwana bwanji m'chikepe. Anapinda mkekawo nthawi yaitali.

Anati, "Inakana. Ndinalitulutsa pansi pomwepo kuti ndilinyamule pamanja. Chitseko chinatseka mphuno isanalowe."

Anathamangira kugolosale ya pansi kukagula supagulu. Akuti amafuna ndilipeze lili pabedi, lokongola. Kwathu chilichonse chosweka amamata choncho, nsapato, kapu, chogwirira cha ketulo, ndipo chimakhala zaka. Sanadziwe kuti ili ndi lina.

Kusweka sikukundiwawa kwenikweni. Ndi masiku atatuwa. Akananena Lolemba, Mwamba akanakonza pofika lero. Anandiona ndikukuwira Amayi. Anadziwa kuti ndapita ku Naif. Chete, akungoluma chala.

Chithunzi chikadali m'foni. Nthawi inali isanathe. Nditatumiza, Loweruka ndili m'madzi, munthu amene sindimudziwa n'komwe ntchito yamuthera. Ababa anachiona nditachitsegula. Sanandiletse, sanandiuze kuti nditumize. Bola akanalankhula, ndikanakhala ndi wokangana naye.

Mwamba analemba: "Chithunzi chili kuti?" Ndinayankha kuti katoni inafika bwinobwino. Chithunzicho ndinafufuta. Nditafufuta ndinakwiya kuposa poyamba.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Sukulu theka la tsiku. Pobwera bolodi palibe pabedi. Amayi akuti Ababa analitenga atachoka ku mapemphero a Juma, analitsitsa pamasitepe, nsanjika zonse zinayi, atalikulunga m'bulangete lawo.

Mwamba anaimba foni. Akuti mdala wako anaima pamaso pa abwana n'kufotokoza zonse yekha, Chingelezi chikuwathawa, manja akuthandizira. Guluu uja analowa mpaka m'kati, ayenera kumukumba yense, bowo likule, kenako adzaze, liume, apale, apakenso utoto. Lachiwiri, inshallah. Chikasu chake sichifanana ndendende.

Lachiwiri apu ikuonetsa mzere wowongoka, mafunde kulibe. Sabata yonse.

Ndawapepesa Amayi. Anangoti kapeti ikafika itapindika ngodya ndikafotokoze ndekha kwa azakhali.

Loweruka, 15 Febuluwale

Mphepo kuyambira m'bandakucha, mawindo akunjenjemera. Ndinati sindipita. Ndinapita, pabasi, chimanjamanja.

Mafunde enieni. Anthu oposa makumi atatu m'madzi, mabolodi obwereketsa onse atatha. Ndinakhala pamchenga n'kumawerenga amene ndikanakwera. Ndinasiyira pa khumi ndi anayi.

Cha m'ma 9 wina anakhala pambali panga. Nsapato zakuda za kuntchito, zodzaza mchenga. Ababa sanabwerepo kuno chiyambire, ndimayesa sadziwa n'komwe malo ake. Anasinthana shifiti ndi mnzawo. Anabweretsa tiyi wa karak makapu awiri, wanga atazizira kale.

Tinamwa. Kenako analoza mnyamata wina amene anagwa chagada n'kufunsa ngati inenso ndimagwa chonchija. Ndinati ine ndimagwa bwino kuposa pamenepo. Anafunsa kuti munthu amadziwa bwanji funde loti akwere. Ndinayamba kuwafotokozera, mwaukali ndithu, koma ankamvetsera, maso panyanja. Chala chija chasupuka khungu.

Sindinawakhululukirebe. Mwina Lachiwiri.

Masana mphepo inagwa, nyanja inayamba kugona. Tabwera awiri, ine ndi Ababa, pabasi imodzi. Amayi tawapeza atafika kale. Bolodi lili ku Al Quoz ndi bowo kumphuno. Katoni inyamuka mawa.