Batani Lobiriwira la Bambo

Cuenca, 9 Novembala 2013

Achemwali Rocío,

Muli bwanji ku Murcia? Kaya msana uja unasiya? Ife tadzuka, kungoti mvula yakula. Kusukulu ndikupita.

Kalata yanu ndinawawerengera bambo, chifukwa amati magalasi awo anasowa. Mwalemba kuti mwezi ukatha asanaimbe, mudziwa kuti akana ukwati wanu ndipo simubweranso. Chonde dikirani. Wolakwa ndine.

Foni munawatumizira ija inapempha kuikamo pulogalamu yatsopano, ine n'kuvomera osawafunsa. Itayakanso, zonse zinali zitaphwa. Mabatani onyezimira ngati switi aja anachoka, kunatsala timizere ndi timawu toonda pamalo poyera. Ndinayesa kubweza, zinakanika.

Lamlungu lotsatira, patangopita masiku awiri mutawauza za ukwati wanu ndi Ismael, ndinawaona ali pa benchi yawo yosokera nsapato. Chala chawo chinkangozungulira pamwamba pa galasi la foni, osatera. Anandifunsa kuti iwe Kléver, batani langa lotupa lija wadya? Ndinawauza kuti adine polembedwa dzina lanu. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kudina dzina la azakhali Zoila. Azakhali anawaseka kuti achimwene mwayamba liti kundikumbuka. Bambo anaseka nawo, kenako anaponya foniyo m'bokosi la misomali, ati yafa.

Achemwali, bambo sadziwa kuwerenga. Magalasi aja sanasowe, ndinawapeza m'thumba la jekete. Zaka zonsezi ankangoloweza maonekedwe a zinthu. Kodi inu munkadziwa? Ine ndikuopa kuwayang'ana m'maso.

Inuyo munaimba kawiri, iwo ali pomwepo, koma poyankhira panasinthanso. Ndinali pakhomo, ndinangoima. Kuwathandiza kukanakhala kuwauza kuti ndaona.

Za ukwati sanakane. Akusoka nsapato zoyera, ndipo dzana anandifunsa ngati phazi lanu likadali laling'ono ngati la mwana wa mbuzi.

Dzulo ndinatenga utoto wa zikhadabo wa azakhali, n'kudontheza kadontho kobiriwira pagalasi la foni, pamene chala chiyenera kuyambira poyankha. Kauma, katupa, kakunyezimira. Foni ndinaibweza m'bokosi. M'mawa uno ndapeza ataiika pachaja.

Kalatayi ikakupezani, imbani Lamlungu masana. Ikalira nthawi yaitali musadule. Ndipo zimene ndakuuzanizi musadzazitchule kwa iwo, ngakhale mwanthabwala.

Mupereke moni kwa alamu Ismael. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mchimwene wanu wamng'ono,
Kléver