Akuti Adada Anenepa

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Nkhamanga tilipo. Chimanga chachitako bwino chaka chino, ngakhale anankafumbwe ayamba kale ntchito yawo. Mkazi wa mlongo wanga Chawanangwa wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Koma ndalemba chifukwa cha adada, ndipo ndikuuzirenitu kuti ndakwiya.

Matenda a impso aja munawasiya akuyamba, tsopano akula. Adada sakudya. Ndikawaikira chakudya amangolawa, n'kukankha mbale, ati akhuta. Ndinafunsa adokotala ku Mzuzu kuti munthu angakhute bwanji asanadye. Anandifotokozera kuti mafuta a m'thupi mwathumu samangokhala. Amatulutsa mahomoni, timauthenga toyenda m'magazi, tina touza ubongo kuti munthu wakhuta. Impso zabwino zimasefa timauthengato n'kutichotsa. Za adada zatopa, ndiye timauthengato timangounjikana, ndipo n'kutheka kuti n'chimodzi mwa zimene zawalanda chilakolako cha chakudya. Thupi lawo lomwe likuwanamiza, amayi. Mikono yatha, koma miyendo ndi nkhope zatupa ndi madzi amene impso zikulephera kutulutsa.

Ndiye kunabwera azakhali a ku Mhuju, alongo awo aja munkati akalowa pakhomo mtendere umatulukira pawindo. Atangowaona adada anaimba nthungululu. "Yewo Chiuta! Achimwene mwanenepa chomene! Taonani masaya awa!" Ndinayesa kufotokoza za madzi ndi mahomoni. Ati, "Iwe mwana, kunenepa tikukudziwa ife. Wodwala amawonda." Lamulungu anakaimirira m'tchalitchi kuthokoza kuti mlongo wawo wachira, anthu n'kuwomba m'manja. Tsopano aliyense wobwera kudzazonda amayamikira masaya a adada, iwo n'kumamwetulira. Mukudziwa kwathu kuno, kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumufunira zabwino. Ndiye ine ndizitsutsa mlendo aliyense?

Sizinathere pomwepo. Azakhali ati adada akukana kudya chifukwa ndiwo zanga zilibe mchere, ndikuwazunza. Anaitanitsa nsomba zouma za ku Chiweta, n'kuthiramo mchere wodzaza dzanja, mchere womwewo adokotala anati tichepetse. Adada analawa pofuna kuwasangalatsa, kenako anandiuza kuti ulendo wa kuchipatala wa mawa ulekeke. "Anthu onse akuti ndachira. Iwe wekha ndiwe ukufuna ndidwale?"

Mawu amenewo anandipweteka, amayi, mpaka ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe. Mukanakhala inu mukanangoti, muja munkanenera, "Bambo, valani jekete, zinazo tikambira m'njira," iwo n'kuvala. Ine liwu limenelo ndilibe.

Dzulo ndinatopa nazo. Azakhali ali pomwepo ndinagwada, n'kupinda thalauza la adada, n'kudinikiza chala pamwendo. Nditachotsa, panatsala dzenje, osabwerera. Ndinati, "Azakhali, mafuta amatero?" Anayang'ana kumbali, ati ndilibe mwambo, mwana wamkazi wamkulu sagwira mwendo wa bambo ake. Zoona, simunandilere choncho, koma ndikanatani? Adada anayang'anitsitsa dzenjelo nthawi yaitali, kenako anatsitsa thalauza okha.

Sananene kuti apita, sananenenso kuti sapita. Ine ndagwirizana kale ndi woyendetsa minibasi kuti aime pakhomo mawa m'mawa. Kaya andikwiyira, kaya azakhali andinena mudzi wonse, ndiwakweza basi.

Ndikudziwa kuti mwawasowa, amayi, nawonso akusowani kwambiri. Koma musawayalire mphasa kumeneko kwa Chiuta. Ndikulonjeza, chaka chino sindikupatsani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiwonge